Mchira wa Chingwe Chapepo

Madzulo amenewo Mawaya anali pakhonde, akusoka nsapato ya mwana wake ndi kawaya ka kopa. Anthu a magetsi ndi otero: chilichonse chikathyoka m'nyumba, mankhwala ake ndi waya. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Ngakhale mkazi wake, akapsa mtima, ankamuitana kuti Mawaya.

Mlamu wake anatulukira atakoleka jombo paphewa. Anali mchimwene wake wa mkaziyo, chimunthu chachikulu choseka ndi thupi lonse. Awiriwa ankagwira ntchito pa fakitale imodzi ya makatoni, ndipo mlamuyo akamapita ku shifiti ya usiku sankadutsa osamwa tiyi wa mlongo wake.

"Alamu, akapitawo akukusakani," anatero akudzikokera mpando. "Akuti mawaya anu aledzera. Ng'ona ikumangoimaima usiku."

"Ndikudziwa."

"Musavutike nazo. Makina nawonso amatopa."

Ng'ona anali makina opsinja zidutswa za makatoni. Lamba woyendetsedwa ndi magetsi ankabweretsa zidutswazo n'kuzikhuthulira m'kamwa mwake, kenako chichitsulo cholemera kuposa galimoto chinkabwera pang'onopang'ono n'kuzifinya mpaka zikhale chimtolo cholimba. Amene ankaima pakamwa pa Ng'ona usiku uliwonse anali mlamuyo.

Mkazi wa Mawaya anabweretsa makapu. Iye sanaseke nawo.

"Achimwene angawa munawalowetsa ntchito ndinu," anauza mwamuna wake. "Tsiku limene adzabwere kuno osakwanira, mudzandiyankha ndinu."

"Iwe, kodi ine ndine khanda?" Mlamuyo anatambasula zimanja zake. "Taona zala. Zonse zilipo, mpaka zina n'kubwereketsa."

Mawaya anaseka pang'ono, koma tiyi sanamukomere. Ankadziwa chimene kuima kwa Ng'ona kunkatanthauza, ndipo ankachita nako mantha.

Makina onse a m'fakitalemo ankalankhulana kudzera m'chingwe chimodzi chapepo, chonenepa ngati chala chaching'ono. Chinkachokera pa kompyuta yaikulu, n'kulowa m'makina oyamba, n'kutuluka, n'kulowa m'makina ena, chonchobe mpaka kumapeto. Ukachisenda umapeza kaukonde ka timawaya, ndipo mkati mwake mawaya awiri okha, wofiira ndi wobiriwira. Malamulo onse ankadutsa mmenemo: yenda, ima, finya, bwerera.

Chingwe chotere chili ndi khalidwe limodzi loipa. Kumapeto kwake kukasiyidwa kosatseka, uthenga umafika kumeneko, n'kusowa woulandira, n'kubwerera. Zimakhala ngati munthu akukuwa m'thanki yopanda madzi: mawu ake omwe amamubwerera n'kusokoneza amene akubwera pambuyo. Makina akamva chisokonezo chotere amaima, chifukwa sadziwanso chimene auzidwa. N'chifukwa chake pa pulagi ya makina aliwonse pali kaswichi kakang'ono. Pa makina apakati kamakhala kozimitsa, kuti uthenga udutse. Koyambirira kwa mzere ndi pa makina omaliza kamayatsidwa, ndipo kamameza uthengawo kuti usabwerere, n'kudulanso chingwe chilichonse chimene chapitirira kutsogolo. Amisiri amati kutseka mzere.

Zonsezi Mawaya anaziphunzira kwa madala ena amene anthu ankawatchula kuti Mluzu, chifukwa pogwira ntchito ankaliza mluzu, kanyimbo kamodzikamodzi kopanda mutu. Madalawo ankakalipa akaona kawaya kamodzi ka kaukonde kasongoka pa pulagi. "Mphwanga, ichi si chingwe choyanikira zovala," ankatero. "Senda moyeza. Kaukonde kagwire chitsulo mozungulira. Ndipo kumapeto utseke."

A Mluzu anafera m'holo yakale, kuseri kwa khoma la Ng'ona. Kumeneko kunali makina ena opsinja, ndipo ndiwo anali omaliza pa mzere. Usiku wina uthenga unasokonekera, makinawo n'kuima. Madala anapisa mkono kuti apukute kadiso kamene makinawo ankaonera makatoni. Uthenga unabwerera. Pa fakitale imeneyo uthenga ukabwerera makina ankangopitiriza okha, popeza akuluakulu sankafuna kutaya nthawi ndi zoyatsayatsa. Anawatulutsamo mkono wamanja palibe, magazi atatha.

Makinawo anawazula n'kuwapereka kwa ogula zitsulo, holoyo n'kuikhoma loko. Chingwe anangochidula ndi pulayala, n'kuchikulunga tepi, n'kuchisiya chikulendewera. Ng'ona ndi imene inakhala yomaliza. Mawaya anayatsa kaswichi ka pa pulagi yake, mzere n'kutsekeka, ndipo chidutswa cholowa m'holo yakale chija chinangotsala ngati mchira wakufa. Kwa miyezi yambiri zonse zinayenda bwino.

Kenako Ng'ona inayamba kuima usiku. M'mawa Mawaya akatsegula bokosi lake la magetsi, ankapeza kaswichi kali kozimitsa. Ankakayatsa. Mawa lake n'kupeza kazimanso. Kaswichi kotere sikayenda kokha, umachita kukakankha ndi nsonga ya sikuludiraiva. Ndiye Mawaya anaganiza chimene aliyense akanaganiza: a usiku apeza njira yogonera pa ntchito. Chinkamuwawa n'chakuti ogonawo ankasewera ndi chinthu chomwecho chimene chinapha madala. Ng'ona ikaima, tsiku lina idzayambanso mkono wa munthu uli mkati, ndipo mkonowo udzakhala wa mlamu wake.

Mlamu atanyamuka, Mawaya anavala ovololo.

"Mukupitanso kuti usiku uno?" mkazi wake anafunsa.

"Ndikukagwira amene akusewera ndi moyo wa achimwene ako."

Anatenga chikwama cha zida, tochi, ndi kabotolo ka utoto wa m'zikhadabo ka mkaziyo.

Pa fakitale anakumana ndi kapitawo wa usiku, munthu wowonda amene ankayenda akuyang'ana wotchi ngati wasiya mkaka pamoto.

"Pofika m'mawa zimenezi zitheretu," anatero kapitawoyo. "Akuluakulu atopa nazo, ndipo akatopa iwo amakalipira ine."

Mawaya analunjika ku makina. Anatsegula bokosi la Ng'ona, n'kuyang'ana pulagi bwinobwino. Waya wofiira anali pamalo pake, wobiriwira chimodzimodzi. Anayatsa kaswichi, n'kudonthezerapo utoto kuti munthu akakakhudza zidziwike. Anakhoma bokosilo, kiyi n'kuika m'thumba. Kenako anakakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa mitolo ya makatoni, pamene ankatha kuona bokosi ndi mlamu wake nthawi imodzi.

Chimene anaona choyamba sichinali munthu wosewera ndi kaswichi. Chitseko cha sefa chimene chimayenera kutchinga pakamwa pa Ng'ona chinali chotsegula, atachimangirira ndi chingwe cha makatoni. Chitseko chimenecho chikatseguka makina amayenera kuima, koma kaswichi kake kankavutavuta, ndiye wina analumikizapo kawaya kuti Ng'ona iziganiza kuti chitseko n'chotseka nthawi zonse. Pa fakitale kawaya kotere amati n'kongodikirira katsopano, ndipo kamakalamba pomwepo.

Usiku unakula. Anthu analeka kulankhula. Lamba ankangoti kwee, kwee, ndipo Ng'ona inkapuma mwaukali, kufinya n'kubwerera, kufinya n'kubwerera. Bokosi palibe analiyandikira. Tulo tinayamba kumubera Mawaya.

Kenako katoni ina inakakamira pakamwa. Mlamu anaitokosa ndi ndodo, koma inakana. Anaponya ndodoyo pansi, anawerama, n'kupisa mkono mpaka paphewa. Chichitsulo chinali chitayamba kale kubwera. Mlamu anakoka. Katoni inakana. Anakokanso. Mawaya anaimirira.

Pamenepo anamva mluzu.

Sunachokere kwa munthu aliyense m'chipindamo. Unachokera kumwamba, m'ngalande ya chitsulo mmene munkadutsa chingwe chapepo. Kanali kanyimbo kaja kopanda mutu.

Ng'ona inaima. Chichitsulo chinali chitatsala pang'ono kukhudza chigongono cha mlamu.

Mlamuyo anasolola katoniyo mosapupuluma n'kuiponya pambali. Sanatembenuke n'komwe. Anangokwezera dzanja ku khoma la holo yakale, mmene timachitira woyendetsa galimoto akatipatsa mpata wowoloka. Atangochotsa mkono, Ng'ona inapitiriza.

Mawaya anathamangira ku bokosi. Linali lokhoma mmene analisiyira. Analitsegula. Kaswichi kanali kozimitsa, utoto utang'ambika pakati. M'bokosimo munali motentha monga mwa masiku onse, koma pulagi inali yozizira moti chala chinamatirira.

"Mwaona nokha tsopano," anatero mlamu kumbuyo kwake. Sankasekanso. "Si ife."

"Mwakhala mukudziwa?"

"Tonse a usiku tikudziwa. Ndi madala aja. Ukapisa mkono mopitirira, amakugwirira."

"Ndiye mumapisa dala?"

"Kale ndinkaopa. Masiku ano ndimangodziwa kuti alipo." Mlamu anapukuta nkhope ndi chipewa. "Alamu, musatseke. Zisiyeni momwemo."

"Mzere wosatseka ulibe chifundo," anatero Mawaya. "Lero waima. Mawa udzayamba mkono wanu uli mkati. Madala anafa choncho."

"Eya. N'chifukwa chake sakufuna wina afe choncho."

Mawaya anapsa mtima, ndipo mkwiyowo unamuthandiza, chifukwa munthu wokwiya samva msanga kuti akuopa. Anaganiza kuti mwina makoswe adya tepi kumchira kuja, kapena madzi akudontherapo. Za kaswichi sanafune kuziganizira. Anapita ku geti kukatenga kiyi wa holo yakale kwa mlonda.

Mlondayo, bambo wachikulire wofunda chijasi, anapereka kiyi koma sanadzuke pampando.

"Tiyeni mukandiunikire," anatero Mawaya.

"Ine ndimalondera kunja, bambo. Mkatimo muli eni ake."

Loko anavuta, kenako analola. Chitseko chinalira. M'holomo munali mdima wa ndiweyani, ndi fungo la fumbi ndi zitosi za nkhunda. Phokoso la Ng'ona linkamveka kuseri kwa khoma, lotsika, ngati likuchokera pansi pa nthaka. Tochi inaunika simenti. Panali zitsa za mabawuti pamene panali makina akale, ndipo pakati pake banga lakuda limene otsuka analephera kulichotsa.

Mawaya anakweza tochi n'kupeza bowo limene chingwe chinkatulukira pakhoma. Anachitsatira ndi kuwala. Ankakumbukira kuti anachisiya chikulendewera m'mwamba, koma tsopano sichinkalendewera. Chinali chokungika, chikutsika cha kumbali, kulunjika kuseri kwa mzati.

Anayenda pang'ono. Jombo zake zinkamveka kwambiri. Anazungulira mzatiwo.

Panali munthu atanjuta, atamufulatira.

Anavala ovololo ya mtundu wakale umene fakitale inasiya kupereka. Mkono wamanja wa ovololoyo unali wopanda kanthu, ukulendewera, wonyowa. M'dzanja lamanzere munali mapeto a chingwe. Tepi inali itachotsedwa. Chingwecho chinali chosendedwa moyeza, kaukonde katapindidwa bwinobwino popanda kawaya kamodzi kosongoka. Mawaya ankaidziwa ntchito imeneyo. Ndi ntchito ya manja awiri, ndipo sanafune kuganiza kuti munthu wa dzanja limodzi angaigwire ndi chiyani.

Waya wofiira ndi wobiriwira anali pakati pa zala ziwiri, atatalikirana pang'ono pokha. Mutu wa munthuyo unali wopendekeka, khutu lili pafupi ndi chingwe.

Zala zinatsekeka. Mawaya awiri aja anakhudzana. Kuseri kwa khoma Ng'ona inati zii.

Patapita kanthawi zala zinatseguka. Ng'ona inayambanso kupuma.

Thupi lonse la Mawaya linachita tsemwe.

"Madala?"

Munthuyo sanatembenuke.

"Mphwanga." Mawuwo anali otsika, ngati odutsa m'paipi. "Zimitsa tochi. Ndikumvetsera."

Chala cha Mawaya chinazimitsa chokha. Chinazolowera kumvera mawu amenewo.

Mdima unamuphimba. Fungo linasintha, linakhala la mafuta a makina ndi dzimbiri lonyowa. Sanamve mapazi. Sanamve nsalu ikukhuzana. Anangomva kuzizira kukubwera mbali ya kumanja kwake, mpaka tsaya linayamba kuwawa. Kenako mawu aja analankhula pakhutu pake penipeni.

"Usatseke."

Mawaya anathawa. Anagunda mzati ndi phewa, anagwa, anadzuka, n'kupeza chitseko ndi manja. Kunja anakhoma loko, kiyi akumuphonyaphonya. Anatsamira khoma n'kusanza tiyi yense wa madzulo uja.

Chimene anachita pambuyo pake anthu amachinena mosiyanasiyana. Ena amati anachita chifukwa cha kapitawo. Ena amati chifukwa cha mantha, ndipo mantha analipodi, aakulu. Koma munthu akaopa amathawira ku chimene amachidziwa, ndipo chimene Mawaya ankachidziwa chinali chimodzi: mzere uyenera kutsekedwa kumapeto. Sakanatha kuyang'ana mkazi wake n'kumuuza kuti mkono wa mchimwene wake wausiya m'manja mwa wakufa. Nanga wakufayo akadzatopa? Nanga tsiku limene adzachedwe?

Anadikira nthawi yopuma, a usiku atazimitsa makina n'kupita kukamwa tiyi. Anatsegula bokosi n'kumasula pulagi yakale ija. Anachotsamo mchira wonse. M'chikwama anali ndi pulagi ina yotsekeratu mzere, yopanda kaswichi koti munthu, kapena china chilichonse, n'kukankha. Anadula chingwe pabwino. Anasenda moyeza. Anapinda kaukonde kuti kagwire chitsulo mozungulira, n'kuchotsa kawaya kalikonse kosongoka. Wofiira anamuika pa wofiira, wobiriwira pa wobiriwira, n'kumanga bwinobwino. Ntchitoyo inatuluka yoyera kuposa ina iliyonse imene anagwirapo. Anayeza ndi mita, ndipo mita inaonetsa chimene mzere wotsekedwa mbali zonse ziwiri umayenera kuonetsa.

Kenako anakwera makwerero mpaka pa bowo la pakhoma, pulayala ali m'manja.

Mluzu unayamba. Unali pafupi, m'bowo momwemo, wofulumira kuposa kale.

Mawaya anatsinzina n'kudula. Kanyimbo kanathera pakati. Anakankhira chotsala cha mchira m'bowomo, ndipo chinalowa mosavuta kwambiri, ngati wina akuchilandira kuseri. Anatseka bowolo ndi nsanza, n'kutsika.

Sanathere pomwepo. Anachotsa kawaya konamiza kaja pa chitseko cha sefa n'kukaponya m'zinyalala. Anamasula chingwe cha makatoni n'kutseka chitsekocho. Kapitawo atabwera anamulozera.

"Ichi chisatsegukenso makina akuyenda. Kaswichi kake kakavuta, imitsani ntchito mundiitane."

"Tamva, tamva," anatero kapitawo, maso ali pa sikirini ya kompyuta. Makina onse ankaoneka obiriwira, popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anamugwira chanza Mawaya, chinthu chimene anali asanachitepo.

Mlamu anabwera kapu ili m'manja. Anayang'ana pulagi yatsopano, n'kuyang'ana nsanza za pakhoma.

"Alamu," anatero Mawaya, "kuyambira pano mkono wanu usalowenso mmenemu. Katoni ikakakamira, tsegulani chitseko, makina aime. Palibenso wokugwirirani. Mwandimva?"

"Mwawatsekera panja madala."

"Ndatseka mzere."

Mlamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukhuthula tiyi wotsala pansi.

Usiku wonsewo Ng'ona sinaimenso. Mawaya anafika kunyumba dzuwa litatuluka, n'kuuza mkazi wake kuti vuto latha. Za m'holo yakale sananene. Anagona masana onse akudzidzimuka, koma madzulo mlamu atadutsa kudzamwa tiyi, zala zonse zilipo, mtima wake unakhala pansi pang'ono.

"Mukukumbukira zimene ndinanena?" Mawaya anafunsa pomuperekeza.

"Alamu, mwayamba kulankhula ngati mlongo wanga. Kodi m'nyumba muno mumasinthana milomo?"

Anaseka onse awiri. Mlamu anakoleka jombo paphewa n'kupita.

Kaswichi ka chitseko cha sefa kanayamba kuvuta shifiti itangoyamba. Ng'ona inaima chitseko chili chotseka, zidutswa n'kuunjikana pa lamba. Kapitawo anayang'ana wotchi. Kuitana Mawaya kunatanthauza kudikira, ndipo kawaya sikasowa pa fakitale. Analumikizapo kena, chitseko n'kuchimangiriranso ndi chingwe cha makatoni.

Kugogoda kunabwera pakati pa usiku. Kunali kwapansipansi, kwa munthu amene sakufuna kuti amutsegulire. Mkazi ndi amene anadzuka koyamba. Sanafunse kuti ndani. Anangokhala tsonga pabedi, n'kuyamba kufunafuna mpango mumdima.

Pakhomo panali mlonda uja, chipewa chili m'manja.

"Alamu anu ali moyo," anatero. "Koma tiyeni kuchipatala."

Anawalola kumuona kutacha. Chimunthu chija chinkaoneka chaching'ono pabedi. Mkono wamanja unathera pamwamba pa chigongono, pokulungidwa nsalu zoyera. Mlongo wake anakhala pansi pambali pa bedi n'kugwira dzanja lotsalalo. Mawaya anaima kumiyendo, osadziwa poika maso.

Mlamu anatsegula maso n'kumuyang'ana. Munalibe mkwiyo mmenemo, ndipo zimenezi ndi zimene zinamulasa Mawaya.

"Munandiuza, alamu," anatero motsika. "Mutu unamva. Koma mkono unali utazolowera."

"Musalankhule. Pumulani."

"Ndinadikira kuti iime. Ndinaona chitsulo chikubwera, ine n'kumadikirabe." Ananyambita milomo youma. "Mluzu ndinaumva. Unali kuseri kwa khoma. Wamphamvu, ngati munthu akuitana mwana amene akulowa mumsewu. Ankamenya khoma, alamu. Ankamenya mpaka nsanza zija zinagwedezeka. Koma analibe polowera."

Mkazi wa Mawaya anatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake. Ananena kale kuti tsiku lotere adzamuyankha iye. Koma sanafunse kanthu. Zikanakhala bwino akanafunsa, ngakhale kutukwana kumene. Anangoyang'ana, kenako n'kubwezera maso kwa mchimwene wake.

Kapitawo uja akuluakulu anamusamutsira ku fakitale ina. Chitseko cha sefa anachigulira kaswichi katsopano tsiku lomwelo, kamene kanali kosowa chaka chonse. Ofufuza anabwera, anayeza chingwe chapepo kuchokera koyamba mpaka kumapeto, n'kunena kuti mzerewo unali wotsekedwa bwino kwambiri, ndipo wa magetsi analibe mlandu. Mawaya anamva mawu amenewa ali chilili, nkhope ili gwa. Kunyumba anasiya kudya. Usiku ankakhala pakhonde, khutu lili tcheru.

Patapita masabata angapo, mlonda akuzungulira m'bandakucha anapeza loko wa holo yakale atathyoledwa. Anaima pakhomo n'kuunika, mwendo umodzi uli kunja.

Mawaya anali atakhala pa banga lakuda lija, atapinda miyendo. Nsanza za pabowo anali atazichotsa. Mchira anaulumikizanso ku bokosi la Ng'ona, ndipo mapeto ake anali m'dzanja lake, osendedwa moyeza, kaukonde kopindidwa bwino. Mutu unali wopendekeka, khutu pafupi ndi chingwe. Ankaliza mluzu, kanyimbo kopanda mutu, n'kusiya, n'kumvetsera, n'kuyambanso. Milomo yake inali itang'ambika.

"Bambo," mlonda anaitana, "kwacha. Tiyeni kunyumba."

Mawaya anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndatsegula," anatero. "Ndatsegula usiku wonse. Sakuyankha."

Anamutulutsa amuna awiri. Wa magetsi wina anachotsanso mchira uja, ndipo bowo analimata ndi simenti.

M'dera limene Mawaya amakhala, anthu amanong'onezana mpaka lero. Ena amati madala anakhumudwa n'kupita, chifukwa amene anawatsekera panja anali mwana wa m'manja mwawo. Ena amati sanapite kulikonse, akadali kuseri kwa simenti, dzanja lili pa chingwe chosapita kwina kulikonse. A usiku salankhulapo, koma palibe amene amatsamira khoma limenelo pa nthawi ya tiyi. Mlamu amadutsabe madzulo kudzamwa tiyi wa mlongo wake, akugwira kapu ndi dzanja lamanzere, ndipo Mawaya akamuona akubwera amalowa kuchipinda.

Pakamwa pa Ng'ona paima munthu wina tsopano, bambo wa ana aang'ono. Kaswichi katsopano ka chitseko kaja akuti kayamba kuvutavuta. Koma mzere uli bwino. Sikirini imakhala yobiriwira usiku wonse, ndipo chiyambire pamenepo uthenga sunasokonekerenso ngakhale kamodzi.